Mapiritsi a mphamvu za abambo: amachita chiyani m'thupi, nanga ngozi yake imabisala pati?

Nkhani yake imayenda mofanana pafupifupi nthawi zonse. Pa WhatsApp pabwera uthenga woti bambo wina wapezeka atamwalira m'chipinda cha resitihausi, ndipo dzuwa lisanalowe okwera minibasi ya ku Chinamwali agamula kale kuti chamupha ndi timapiritsi tija. Wina amatsutsa kuti iye akudziwa anthu amene akhala akumwa kwa zaka ndipo ali bwinobwino. Chodabwitsa n'choti onse awiri akhoza kukhala akunena zoona. Piritsi lomwelo limathandiza bambo wina popanda vuto, n'kugwetsa mnzake m'kanthawi kochepa. Kusiyana kwake kumagona pa mmene mtima wa munthu ulili, mankhwala ena amene akumwa, ndi chimene chili m'kati mwa chimene wagulacho.

Poti nkhani za kuchipinda sitikambira poyera, ambiri amaphunzira za mankhwalawa ku bawo kapena kumalo omwera, kumene aliyense ndi dokotala. Tiyeni tione zimene a zachipatala amadziwa.

Kodi mankhwalawa ndi chiyani?

Dzina lotchuka ndi Viagra, koma limeneli ndi dzina la malonda chabe. Mankhwala enieni ali m'katimo ndi sildenafil. Kampani ya Pfizer inkawayesa ku Britain ngati mankhwala a mtima, makamaka kwa anthu omva kupweteka pachifuwa. Pa mtima sanachite zodabwitsa, koma abambo amene ankayesedwawo anayamba kunena za kusintha kwina kumene ofufuza sankayembekezera. Dziko la America linawavomereza mu 1998 ngati mankhwala a abambo amene chida chawo chikukanika kudzuka kapena chikugwa msanga. Mu 2003 kunavomerezedwanso ena awiri, tadalafil amene amagulitsidwa ndi dzina la Cialis, ndi vardenafil wa dzina la Levitra. Masiku ano makampani ambiri, makamaka a ku India, amapanga sildenafil ndi tadalafil ndi maina awoawo pamtengo wotsika. Kutchipa pakokha si umboni woti ndi abodza. Chofunika n'choti akhale olembetsedwa ndi bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene ambiri amangoti PMRA.

Mbiri yoti anayamba ngati mankhwala a mtima musaiiwale, chifukwa ndi imene ikufotokoza zonse zotsatira. Awa ndi mankhwala a mitsempha ya magazi. Mpaka lero sildenafil amaperekedwanso, pamlingo wina, kwa odwala amene magazi amapanikizika m'mitsempha ya m'mapapo, kuphatikizapo ana.

Mmene amagwirira ntchito

M'kati mwa chida cha abambo muli minofu iwiri yokhala ndi timipata tambirimbiri. Bambo akakhala ndi chilakolako, ubongo umatumiza uthenga kudzera m'minyewa, ndipo thupi limatulutsa kampweya kotchedwa nitric oxide. Kampweya kameneka kamachititsa kuti papangidwe kanthu kena kamene kamafewetsa makoma a mitsempha. Mitsempha ikafewa imatseguka, magazi amalowa ambiri n'kudzaza timipata tija, ndipo kudzazako kumapana njira zimene magazi amatulukira. Ndiko kudzuka kumeneko. Pambuyo pake thupi lili ndi chofufutira chake, chotchedwa PDE5, chimene chimaphwanya kanthu kofewetsa kaja kuti zinthu zibwerere mwakale.

Sildenafil ndi anzake amangogwira dzanja PDE5 kuti asafufute msanga. Basi. Sayambitsa chilichonse. Zili ngati madzi a ku damu la Mulunguzi: piritsi limathandiza kuti paipi ya m'nyumba mwanu ikhale yotseguka bwino, koma ngati kumtunda sanatsegule, pampopi sipatuluka kanthu. Kumtundako ndiye chilakolako. Bambo amene wamwa piritsi n'kukhala pansi kumvera mpira pa wailesi sadzaona kusintha kulikonse, ndipo amene wakangana ndi mayi a kunyumba kapena mutu uli pa ngongole ya katapila akhoza kumwa n'kukhumudwa.

Choncho pali zambiri zimene anthu amayembekezera koma mankhwalawa sachita. Sawonjezera chilakolako. Sakulitsa chida. Sachiza vuto lothira msanga, limene ndi vuto lina ndipo lili ndi chithandizo chake. Sathandiza kubereka, ngakhale kuti m'kalankhulidwe kathu mawu oti "anagwa m'papaya" amaphatikiza kulephera kudzuka ndi kusabereka ngati chinthu chimodzi. Ndipo sateteza ku HIV kapena matenda ena opatsirana pogonana. Kondomu ikadali pa ntchito yake.

Kamwedwe koyenera

Sildenafil wa vutoli amabwera pa milingo ya 25 mg, 50 mg ndi 100 mg. Ambiri amayambira pa 50 mg, pafupifupi ola limodzi asanakhale malo amodzi ndi mkazi, ndipo mphamvu yake imakhalapo kwa maola ngati 4. Achikulire ndi amene ali ndi vuto la impso kapena chiwindi nthawi zambiri amayambira pa 25 mg. Lamulo losasinthika n'loti musamwe koposa kamodzi pa maola 24, ndipo musapitirire 100 mg. Kumwa awiri kuti "zikhale zamphamvu" kumachulukitsa mutu ndi chizungulire kuposa phindu.

Chakudya chamafuta chimachedwetsa sildenafil. Munthu akadya chipisi ndi kanyenya wonona n'kumwa piritsi, akhoza kudikira nthawi yaitali, n'kuganiza kuti silikugwira, n'kumwanso lina. Apa ndi pamene ambiri amapyolera mlingo osadziwa. Mowa nawo ndi mdani wachinsinsi: botolo limodzi kapena awiri mwina sizingasokoneze, koma wochuluka umafooketsa minyewa yotumiza uthenga uja komanso umatsitsa BP pamodzi ndi piritsi.

Tadalafil ndi wosiyana pa chinthu chimodzi chachikulu, amakhalitsa m'thupi mpaka maola 36. Izi sizitanthauza kuti chida chikhala chodzuka nthawi yonseyo, koma kuti m'maola amenewo thupi limayankha mosavuta chilakolako chikabwera. Amamwedwa pa 10 mg kapena 20 mg pakafunika, kapena pa 2.5 mg kapena 5 mg tsiku lililonse ngati dokotala waona kuti n'koyenera. Chakudya sichimusokoneza kwenikweni. Kusakaniza sildenafil ndi tadalafil tsiku limodzi n'kosaloledwa.

Kulephera ulendo woyamba si umboni woti mankhwala akukanani. Mantha a tsiku loyamba pawokha amatha kutseka zonse. Madokotala amalangiza kuyesa masiku osiyanasiyana kangapo, ena amati mpaka ka 8, musanabwerere kukapempha kusintha mlingo.

Pamene pali imfa yeniyeni

Mitsempha imene piritsi limafewetsa si ya kuchida kokha. Ya thupi lonse imafewako pang'ono, ndipo BP imatsika pang'ono kwa maola angapo. Kwa munthu wabwinobwino zimenezi sazimva n'komwe. Vuto limabwera piritsili likakumana ndi mankhwala ena amene nawonso amatsegula mitsempha kudzera njira yomweyo.

Oopsa kwambiri ndi gulu lotchedwa ma nitrate, amene amaperekedwa kwa odwala mtima omva kupweteka kapena kuthina pachifuwa. Maina ake ndi glyceryl trinitrate, amene amaikidwa kapena kupoperedwa pansi pa lilime, isosorbide dinitrate ndi isosorbide mononitrate. Mankhwala amenewa amathira nitric oxide wambiri m'thupi, pamene sildenafil wamanga chofufutira chija. Zotsatira zake mitsempha yonse imatseguka nthawi imodzi, BP imagwa mpaka magazi osafika bwino ku ubongo ndi ku mtima weniweniwo. Munthu amakomoka, ndipo akhoza kufa. Pano palibe za mlingo wochepa kapena kuyesa theka. Amene akumwa ma nitrate sayenera kukhudza mapiritsi a mphamvu.

Pali mbali ina ya nkhani yomweyi imene ndimaona kuti ndiyo yofunika kuposa zonse, koma siikambidwa. Tiyerekeze bambo wamwa piritsi usiku, kenako chifuwa chayamba kuthina, ndipo athamangira naye ku Zomba Central Hospital. Mankhwala amodzi oyambirira amene achipatala kulikonse amaganizira kwa munthu wopweteka pachifuwa ndi nitrate yemwe uja. Ngati bamboyo, chifukwa cha manyazi, abisa kuti wamwa sildenafil, dokotala akhoza kumupatsa ndi mtima wabwino chinthu chimene chimugwetseretu. Nitrate saperekedwa mpaka patadutsa maola 24 chimwereni sildenafil, kapena maola 48 chimwereni tadalafil. Nenani, ngakhale pali apongozi pafupi. Pemphani kuti atuluke kaye ngati n'kofunika. Ndipo ngati bambo sakutha kulankhula, amene anali nawo anene, kaya ndi mayi a kunyumba kaya ndi wina.

Chachiwiri ndi mtima weniweniwo. Kugonana ndi ntchito ya thupi. Madokotala amakonda kufunsa ngati munthu angakwere masitepe a nyumba yosanja kawiri mofulumirirako popanda kubanika kapena kumva kuthina pachifuwa. Kuno ku Zomba yankho munthu amalidziwa kale, poti zitunda sizisowa. Ngati kachitunda kochokera mtauni kukwera chakumtunda kamakuimitsani kawiri mutagwira pachifuwa, vuto loyamba kulithetsa si la kuchipinda. Nthawi zambiri pa imfa zimene anthu amanamizira piritsi, chimene chachitika n'choti piritsi lalola mtima wodwala kale kugwira ntchito imene sukanaikwanitsa. Amene anadwala sitiroko kapena mtima wawo unagwidwa mwadzidzidzi (heart attack) m'miyezi 6 yapitayi, amene BP yawo ndi yotsika kwambiri kapena yokwera mosalamulirika, ndi amene chiwindi chawo chinawonongeka kwambiri, sayenera kumwa popanda dokotala kuwaunika.

Ma ARV, TB, prostate ndi BP

Chiwindi ndicho chimachotsa sildenafil m'magazi, ndipo mankhwala ena amachedwetsa kapena kufulumizitsa ntchito imeneyi. M'dziko ngati lathu, limene anthu ambiri ali pa ma ARV, mfundoyi si yongodutsa.

Ambiri masiku ano akumwa ma ARV okhala ndi dolutegravir, ndipo amenewa sasemphana kwenikweni ndi sildenafil. Koma amene anasinthidwa n'kupatsidwa okhala ndi ritonavir, monga atazanavir kapena lopinavir zophatikiza ndi ritonavir, asamale kwambiri. Ritonavir amachititsa kuti sildenafil achuluke m'magazi kangapo konse ndi kukhalitsa. Kwa iwowa malire ndi 25 mg pa maola 48, ndipo ngakhale pamenepo akambirane kaye ndi a ku kiliniki yawo. Piritsi la 100 mg limene mnzawo amamwa popanda vuto, kwa iwo lili ngati amwa angapo. Mankhwala a mafangasi monga ketoconazole ndi itraconazole, komanso erythromycin ndi clarithromycin, amachitanso zofananako.

Rifampicin wa TB amachita zosiyana, amafulumizitsa chiwindi moti piritsi limaoneka lopanda mphamvu. Choopsa n'choti munthu azolowere mlingo waukulu ali pa mankhwala a TB, n'kupitiriza womwewo atamaliza.

Abambo achikulire ovutika pokodza chifukwa cha kutupa kwa prostate, kachiwalo kamene kali kunsi kwa chikhodzodzo, nthawi zina amapatsidwa tamsulosin, doxazosin kapena prazosin. Amenewanso amatsitsa BP, ndipo pophatikiza ndi sildenafil munthu akhoza kuchita chizungulire n'kugwa podzuka. Sikuti n'zoletsedweratu, koma dokotala amayambitsa pa mlingo wochepa ndi kutalikitsa nthawi yomwera.

Nanga a BP wamba? Ambiri a iwo amayenda bwino ndi sildenafil ngati BP ikulamulirika. Koma ena mwa iwo, monga hydrochlorothiazide, propranolol ndi atenolol, amatha kukhala gwero la kufooka kumene. Chimodzimodzinso ena a matenda a nkhawa ndi a maganizo, monga amitriptyline, fluoxetine ndi chlorpromazine. Abambo ena akazindikira zimenezi amangosiya mankhwala mwakachetechete, ndipo mapeto ake amakhala sitiroko. Njira ilipo yosavuta: kuuza dokotala kuti asinthe mtundu, poti a BP alipo ambiri.

Zovuta zazing'ono ndi zothamangira nazo kuchipatala

Mutu, kutentha kumaso, mphuno kutsekeka, kutentha pamtima ndi kuona zinthu ngati zabuluu pang'ono, zimenezi zimachitika ndipo zimatha zokha. Tadalafil amawonjezerapo kupweteka kwa msana ndi minofu.

Zina sizidikira kuti kuche. Chida chikakhala chodzuka kupitirira maola 4, makamaka chikupweteka, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Magazi otsekeredwawo amatha mpweya, minofu imayamba kufa, ndipo kuchedwa tsiku lathunthu kungachititse kuti chidacho chisadzadzukenso. Kuchipatala amachotsa magaziwo ndi jakisoni ndi kubaya mankhwala obweza mitsempha. Anthu a matenda a magazi obadwa nawo otchedwa sickle cell ndi amene ali pachiopsezo chachikulu cha vutoli, ndipo ena limawagwira ngakhale osamwa piritsi lililonse. Diso kusiya kuona mwadzidzidzi, khutu kugontha mwadzidzidzi, kukomoka, kapena kutupa milomo ndi kubanika, zonsezi n'zosowa, koma zikachitika siyani mankhwala ndipo thamangani.

Za pamsika, za m'botolo ndi za m'sacheti

Gondolosi wakhala akutafunidwa kuyambira kale, ndipo ogulitsa mitsitsi ku depoti ndi ku Mpondabwino ali ndi makasitomala awo okhulupirika. Nkhani ino siikuweruza mitsitsi. Chodetsa nkhawa ndi zinthu zopakidwa kale, ufa, uchi, khofi, timabotolo ndi makapisozi, zolembedwa kuti n'zachilengedwe chokhachokha koma zikugwira ntchito m'mphindi zochepa ngati piritsi. Mabungwe oyang'anira mankhwala m'maiko ambiri akhala akupeza sildenafil kapena tadalafil wothiridwa mobisa m'zinthu zotere.

Chitsanzo chili pafupi. Mu 2019 dziko la Zambia linaletsa chakumwa chopatsa mphamvu chotchedwa Natural Power SX, chimene chinkagulitsidwanso kuno, atachiyeza n'kupezamo sildenafil. Nkhaniyi inayambira ku Uganda, kumene munthu wina anadandaula atamwa. Taganizirani bambo wodwala mtima amene dokotala anamuletsa mapiritsi a mphamvu, iye n'kumvera, koma n'kugula chakumwa pagolosale poganiza kuti ndi zitsamba. Wamwa chomwe chija anamuletsa, pamlingo umene palibe akuudziwa.

Mapiritsi ogulidwa m'thumba la munthu kapena pa Facebook ali ndi vuto lomwelo. Bungwe la World Health Organization linanena mu 2017 kuti pafupifupi mankhwala amodzi mwa 10 alionse m'maiko osauka ndi apakati amakhala achinyengo kapena osafika muyezo, ndipo a mphamvu za abambo ali m'gulu la amene akuba amakonda kupanga, podziwa kuti wogula wamanyazi sabwerera kukadandaula. Piritsi lolembedwa 100 mg likhoza kukhala lopanda kanthu, kapena kukhala ndi zopitirira. Ku famase yovomerezeka mumapeza paketi yokhala ndi dzina la wopanga, nambala ya gulu lake ndi tsiku lothera mphamvu, komanso munthu amene angakufunseni za mankhwala ena amene mukumwa.

Anyamata nawo alowa m'bwaloli, ena a ku koleji, amene alibe vuto lililonse koma akufuna kudzionetsa. Thupi silizolowera mankhwalawa ngati fodya, koma mutu umazolowera. Mnyamata amafika poopa kuyesa popanda piritsi, ndipo manthawo amabweretsa kulephera kumene kunalibe.

Uthenga umene kufookako kwanyamula

Kulephera kamodzikamodzi kumachitikira mwamuna aliyense: kutopa, mowa, maliro, nkhawa ya fizi. Likakhala vuto la miyezi ingapo, ndi pamene pafunika kufufuza gwero. Chizindikiro chimodzi chimene dokotala amafunsa n'chakuti kodi m'mamawa podzuka chida chimadzukabe chokha. Ngati chimatero, mitsempha ndi minyewa zikuoneka kuti zili bwino ndipo vuto lingakhale la maganizo kapena la m'banja. Ngati chinasiya pang'onopang'ono, diso limapita ku mitsempha.

Mitsempha yopita kuchida ndi yopyapyala kuposa yopita ku mtima. Mafuta akayamba kumatirira m'makoma, kapena shuga ndi BP zikayamba kuwononga, yaing'onoyo ndi imene imayamba kutsekeka. N'chifukwa chake kufooka kwa kuchipinda kumatha kutsogola zaka zingapo matenda a mtima asanaonekere. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Abambo ambiri sapita kuchipatala pokhapokha atagona, moti vuto la kuchipindali limakhala mwayi wokhawo woti shuga kapena BP zigwidwe msanga. Wogula piritsi pakona amathetsa za usiku umenewo, koma shuga uja akupitiriza kudya impso ndi maso.

Kuyeza BP ndi shuga sikufuna katswiri wa ku Blantyre. Zimachitika ku Matawale, ku St Luke's ku Malosa, ku Zomba Central ndi m'zipatala zina. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo a zitsamba ndi ma ARV, poti ambiri amakhala ndi mabuku awiri ndipo dokotala amangoona limodzi. Ngati n'kotheka pitani ndi mayi a kunyumba. Amayi ambiri bambo akafooka amaganiza kuti kwabwera wina kapena kuti pali anawamanga, ndipo kumva kuchokera kwa dokotala kuti ndi shuga kumazimitsa moto umene ankhoswe akanavutika nawo.

Kusiya fodya, kuchepetsa mowa, kuchepetsa thupi ndi kuyenda ndawala tsiku ndi tsiku zimabwezeretsa mphamvu kwa abambo ena popanda piritsi, ndipo kwa amene akumwa zimathandiza kuti ligwire bwino. Kwa odwala shuga wa nthawi yaitali ndi amene anachitidwa opaleshoni ya prostate, mapiritsi sagwira kawirikawiri ngati kwa ena, chifukwa minyewa yotumiza uthenga imakhala itawonongeka. Kwa iwowa kuli njira zina, monga kachipangizo kokokera magazi kuchida ndi jakisoni wobaya pachida pomwepo, zimene katswiri wa matenda a njira ya mkodzo angafotokoze. Mahomoni achimuna otchedwa testosterone amathandiza okhawo amene magazi awo ayezedwa n'kupezeka kuti ndi ochepadi, ndipo kwa bambo amene akufunabe ana amachepetsa mbewu ya abambo.